North Macedonia: kupatula Ohrid ndi Skopje, kulinso chiyani choti munthu akaone?

Mayi a Tadala (Luton):
Moni nonse pagulu pano. Ine ndi bambo a kunyumba tapeza tchuthi cha masiku 8 kumapeto kwa Seputembala. Tikiti ya Wizz Air yochoka kuno ku Luton kupita ku Skopje inali yotsika mtengo moti tinangogula tisanaganize n'komwe. Pano ndiye mutu wayamba kuwawa. Aliyense amene ndamufunsa akungotchula mayina awiri, Ohrid ndi Skopje, basi. Kachalichi ka pathanthwe ka Sveti Jovan Kaneo ndakaona pa zithunzi mpaka maso atopa. Tikafikako ndithu, koma masiku 8 sangathere pa kachalichi kamodzi. Inu amene munapondako, kuli malo ati kumene alendo sadzadzako? Timakonda mbiri yakale ndi mapiri, kungoti bambowa bondo limawavuta, ndiye zokwera tsiku lonse ayi. Galimoto tibwereka.

Wa pa Ndirande:
Mayi, dzikolo lili kuti kaye? Ine Makedoniya ndimadziwa wa m'Baibulo yekha, uja Paulo anaitanidwa m'masomphenya kuti aoloke akathandize. Ndiye mukupita kukathandiza?

Aphunzitsi Opuma:
Mwana wanga, funso lakolo waseka nalo koma mayiko awiri anakangana nalo zaka 27. Kumene Paulo anafika, ku Filipi ndi ku Tesalonika, lero ndi ku Greece, ndipo chigawo cha kumpoto kwa Greece chimatchedwanso Macedonia. Dziko limene mayiwa akupitako linali mbali ya Yugoslavia, linadziimira palokha mu 1991 n'kudzitcha Macedonia. Agiriki anakana kwamtuwagalu, amvekere dzinalo ndi lathu. Anadzagwirizana pa 17 Juni 2018 m'mbali mwa nyanja ya Prespa, ndipo kuyambira 2019 dzikolo ndi North Macedonia. Ndi kadziko kakang'ono. Malawi amakaposa kanayi ndi kupitirira, ndipo anthu ake ndi pafupifupi 1.8 miliyoni. Boma la Lilongwe pamodzi ndi mzinda wake lili ndi anthu ambiri kuposa dziko lonselo.

Nankhoma:
Achemwali, ine ndinapitako pa za ntchito yanga ya nsomba, kenako ndinabwereranso ndi ndalama zanga. Langizo langa ndi ili: m'tauni yakale ya Ohrid mugonemo masiku awiri, akwana. Tsiku lachitatu mulawirire, mutenge msewu wa m'mbali mwa nyanja kulowera kum'mwera. Mudutsa Peštani, kenako malo amene anamangapo mudzi wa pamadzi monga unalili zaka 3,000 zapitazo, nyumba zaudzu zoima pa mitengo yozika m'nyanja. Pamenepo mabasi a alendo amaimapo, ndiye musachedwepo. Mukapitirira Trpejca mupeza mphambano yokwera phiri la Galičica. Msewu ndi wa tala, wokhotakhota ngati wa Golomoti, koma galimoto imafika pamwamba bondo la alamu osavutika. Pokwera Ohrid ali m'munsi mwanu, mukangotembenuka pamwamba, Prespa uyo.

Chimene chinandigwira mtima ndi ichi. Prespa ali pamwamba kuposa Ohrid ndi mamita pafupifupi 150, ndipo alibe mtsinje wotulutsa madzi monga Shire amachitira kwathu. Madzi ake amalowa m'ming'alu ya miyala, n'kudutsa pansi pa phiri lomwe mwakweralo, n'kukatumphuka ku akasupe a Sveti Naum mbali ya Ohrid. Ndiye mukakwera bwato pa akasupewo n'kuona mchenga ukubwata pansi, dziwani kuti ena mwa madziwo achokera kuseri kwa phiri.

Ku Prespa kulibe chipwirikiti. Midzi, bango, minda ya maapozi yosatha kuzungulira Resen, ndipo nthawi mukupitayo ndi yokolola. Koma nyanjayo ikuphwa. Pa Stenje ndinaona timilatho tokwerera bwato taima pamtunda pouma, madzi ali uko. Amene munaona Chilwa ya ku Kachulu m'chaka cha chilala mukudziwa mmene mtima umachitira.

Mayi a Tadala (Luton):
Zimenezi ndiye ndimafuna! Ku Prespako kogona kulipo?

Nankhoma:
Kulipo. Ine ndinagona ku Brajčino, mudzi wa nyumba zamiyala m'tsinde mwa phiri la Pelister, m'nyumba ya banja lina limene limalandira alendo. Chakudya amaphika okha. Ndipo musachokeko musanafike ku Kurbinovo. Pamwamba pa mudziwo pali tchalitchi cha Sveti Gjorgji. Kunja kwake mukhoza kuchidutsa poyesa ndi nyumba yosungiramo chimanga, chilibe nsanja, chilibe chilichonse. Kulowa m'kati, makoma onse ndi zithunzi zojambulidwa mu 1191. Mngelo Gabirieli wa pamenepo, wamtali, wowonda, nsalu yake ili petupetu ngati kukuomba mphepo, ndi amene anamuika pa ndalama yawo ya madinari 50. Ine ndinachipeza chokhoma, ndinachita kufunsa m'mudzi amene amasunga kiyi. Ndinadikira mwina ola, ndikudya maapozi amene gogo wina anandininkha.

Kulinso chilumba cha Golem Grad, chopanda anthu, mumachita kugwirizana ndi msodzi wa ku Konjsko kapena ku Stenje kuti akuolotseni. Kuli mabwinja a matchalitchi akalekale, akamba ambirimbiri, mbalame zodya nsomba zimene zayeretsa mitengo ndi zitosi, ndi njoka. Eni ake amachitcha chilumba cha njoka.

Wa pa Ndirande:
Anti, imani kaye. Munthu alipire ndege, alipire galimoto, alipirenso bwato, kuti akaone njoka? Abwere kwathu ku Nsanje tikawaonetse zaulere.

Nankhoma:
Zambiri ndi njoka zam'madzi zodya tinsomba, zilibe ululu. Koma mphiri ziliko, ndiye nsapato zotseka, osati mapatapata.

Bambo Mwale wa ku Nkhata Bay:
Pepani ndilowerere. Ine nkhani ya nyanjayi sindikuimvetsa. Munthu wobadwira m'dziko la nyanja ya Malawi akadabwe ndi chiyani ku Ohrid? Ndayang'ana pa mapu, ndi kadziwe.

Nankhoma:
Pa kukula mukunena zoona, bambo. Ohrid ndi wa makilomita 30 okha m'litali, kuya kwake mamita 288, pamene yathu imafika pafupifupi 700 cha kwanu komweko. Koma ziwirizi ndi pachibale. Nyanja zambiri za padziko lapansi ndi za dzulodzulo, zaka masauzande ochepa. Zimene zakhala ndi madzi zaka zoposa miliyoni ndi zowerengeka, ndipo Malawi ndi Ohrid zili m'gulu limenelo, pamodzi ndi Tanganyika ndi Baikal. Madzi akakhalitsa chonchi, zamoyo zimasintha n'kukhala mitundu yosapezeka kwina kulikonse. Kwathu zinachitika ndi mbuna. Kwawo zinachitika kwambiri ndi nkhono ndi tizilombo tina tam'madzi, mitundu yoposa 200 ya iwo okha. N'chifukwa chake UNESCO inalemba Ohrid mu 1979, ife n'kutilemba mu 1984.

Ngakhale mavuto ndi ofanana. Nsomba yawo yonyadira, imene amati pastrmka, inagwidwa mopyola muyeso mpaka boma linachita kuletsa usodzi wake kwa zaka zingapo. Nkhani ya chambo yomweyo. Alinso ndi kansomba kangati usipa, plašica, kamene mamba ake amapangira mikanda yonyezimira yotchedwa ngale za ku Ohrid. Mabanja awiri okha ndi amene amadziwika kuti ali ndi chinsinsi cha kapangidwe kake, ena onse ogulitsa m'misewu muziwakayikira.

Bambo Mwale wa ku Nkhata Bay:
Chabwino, ndamva. Koma batala wa kwathu sangafanane ndi pastrmka ameneyo.

Wophunzira ku Sofia:
Mayi, ine ndili ku Bulgaria, ndi oyandikana nawo, ndipo ndaolokerako katatu pa basi. Zonse zimene anena anti a Nankhoma ndikuvomereza. Kuchoka ku Prespa musabwerere ku Ohrid, pitirirani ku Bitola, si patali.

Bitola anthu amangomudutsa, koma ndi tauni imene ine ndingakhalemo. Nthawi ya ufumu wa Ottoman inkatchedwa Monastir, ndipo mayiko a ku Ulaya anali ndi akazembe awo kumeneko, ndiye msewu waukulu wa Širok Sokak uli ndi nyumba zokongola zakale, anthu ali khale kumwa khofi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Atatürk, amene anayambitsa Turkey wa lero, anaphunzira sukulu ya usilikali momwemo, ndipo nyumbayo pano ndi yosungiramo zakale. Kunja pang'ono kwa tauni, ulendo wapansi ndithu, kuli mabwinja a Heraclea Lyncestis, mzinda umene anauyambitsa Philip II, bambo ake a Alexander Wamkulu. Pansi pa tchalitchi chakugwa pali chithunzi chachitali chopangidwa ndi timiyala tamitundumitundu: mitengo ya zipatso, mkango ndi ng'ombe, kambuku atagwira nyama, galu wofiira womangidwa pa mkuyu. Tsiku limene ndinapitako tinalipo anthu anayi.

Koma chimene ndikufuna ndikuuzeni ndi manda. Kotulukira tauni kuli manda a asilikali a France a nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Bitola anali pamzere weniweni wa nkhondo kuyambira kumapeto kwa 1916 mpaka 1918, mizinga ikugwa m'tauni pafupifupi tsiku ndi tsiku. Mandawo ndi oposa 6,000, m'mizere yowongoka, ndipo kuli dzenje limodzi la mafupa a enanso masauzande amene sanadziwike. Ine ndinalowa ngati mlendo wongoona malo. Nditayamba kuwerenga mayina ndinapeza kuti ambiri si Azungu. Ana a ku Senegal, a ku Madagascar, a kumpoto kwa Africa. Anyamata a msinkhu wanga, anawatenga kumudzi kukafera m'mapiri a chisanu pa nkhondo ya eni. Ndinakhala pansi pamenepo nthawi yaitali. Sindikudziwa ngati pali wachibale amene anafikapo kudzaona.

Aphunzitsi Opuma:
Mwana wanga, wandikumbutsa chipilala cha KAR cha ku Zomba. Nkhondo yomweyo, zaka zomwezo. Chipilalacho chili ndi mayina a asilikali, koma amtengatenga amene anasenza katundu kupita ku Karonga ndi kupitirira, n'kufera m'njira ndi njala ndi matenda, ambiri alibe ndi mwala womwe. Agogo anga aamuna ankasimba za mchimwene wawo amene anapita osabwerera. Mayi a Tadala, mukafika pa mandawo mukaimeko pang'ono m'malo mwa ife.

Mayi a Tadala (Luton):
Ndikaima, aphunzitsi. Ndalemba kale.

Mwana wa Mlimi, Kasungu:
Ine sindinakonzekere kulemba koma nkhani ya Bitola yandikoka, chifukwa ukachoka pamenepo makilomita 40 okha uli ku Prilep. Abale anga, ku Prilep ndinaseka ndekha ngati wamisala. Ndatsika basi, fungo loyamba kundilandira ndi la fodya wouma. Ndinayesa ndili kwathu mwezi wa Malichi.

Kungoti fodya wawo si bale ngati wathu. Ndi wa masamba ang'onoang'ono, ena osaposa chikhatho, wonunkhira kwambiri. Sathyola n'kupachika m'chigafa pamthunzi monga timachitira ife. Amatunga tsamba limodzilimodzi ndi chisingano chachitali pa chingwe, n'kuyanika padzuwa, pa timitengo tofunditsidwa pulasitiki, ena pakhoma la nyumba penipeni m'tauni. Banja lonse limakhala pabwalo kutunga, agogo, ana, manja ali bii ndi utomoni. Ndinakhala nawo banja lina madzulo, chinenero sitikumvana, koma nditatenga tsamba n'kulipinda kuona ngati lauma bwino, bambo wa pakhomopo anangoti gwa kundiyang'ana, kenako kuseka n'kukatenga rakija, kachasu wawo wa mphesa. Mwana wawo ndi amene ankamasulira. Madandaulo ake omwewo: ogula akutsitsa giledi, achinyamata akuthawira ku Germany. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo boma limawaonjezera ndalama pa kilogalamu iliyonse imene agulitsa. Nditawauza bambo anga zimenezi pa foni anangoti, "Basi nditumizire tikiti."

Kuli ndi nyumba yosungiramo zakale za fodya yekhayekha, makaliwo ndi timabokosi ta fodya wa mphuno tochokera m'mayiko osiyanasiyana.

Wophunzira ku Sofia:
Achimwene mwaiwala miyala! Prilep wazunguliridwa ndi miyala ikuluikulu yosanjikizana, ngati ya ku Dedza. Pamwamba pa tauni pali mabwinja a linga la mfumu Marko, amene anafa mu 1395, ndipo m'nthano za ku Balkan konse amamusimba ngati chiphona. Kupitirira apo kuli nyumba ya amonke ya Treskavec, pansi pa nsonga ya Zlatovrv. Moto unapsereza nyumba zogona mu 2013 koma tchalitchi cha pakati chinapulumuka ndi zithunzi zake. Njira yapansi ndi yokoma koma bondo silingalole. Msewu wa galimoto ulipo, wopapatiza. Mukafikeko dzuwa likupendeka, chigwa chonse cha Pelagonija chimaoneka ngati mphasa.

Mwana wa Mlimi, Kasungu:
Miyala ndinaiona, koma ine maso anali pa fodya.

Aphunzitsi Opuma:
Popeza muli ku Prilep, kwerani ku Kruševo. Ine sindinafikeko, ndimangowerenga, koma nkhani yake ndinaikonda kalekale. Pa 2 Ogasiti 1903, tsiku la Eliya Woyera limene iwo amati Ilinden, anthu anaukira ulamuliro wa Ottoman. Ku Kruševo analanda tauni n'kulengeza boma lawolawo, mtsogoleri wake mphunzitsi, Nikola Karev. Linakhala masiku 10 okha. Asilikali anabwera ochuluka, anatentha mbali ya tauni, ndipo Pitu Guli, mmodzi wa atsogoleri a oukirawo, ndi anyamata ake anafera pa thanthwe la Mečkin Kamen atakana kuthawa. Lero 2 Ogasiti ndi tsiku la tchuthi la dziko lonse. Mukuona kufanana kwake? Chilembwe anayamba pa 23 Januwale 1915, pofika pa 3 Febuluwale anali ataphedwa. Masiku owerengeka, kugonja koonekeratu, koma dziko likafuna kunena kumene linayambira limaloza pamenepo.

Nachisale (Johannesburg):
Aphunzitsi, mwaulemu ndithu, koma gulu lino lili ndi matenda. Nyanja ngati Chilwa, msewu ngati Golomoti, miyala ngati Dedza, Karev ngati Chilembwe. Ndiye mayiwa apitirenji, akhale pa Luton aziona zithunzi za kumudzi. Dziko la eni lizioneka monga lilili. Ine Kruševo ndinafikako ndipo palibe chimene chinandikumbutsa kwathu. Ndi tauni ya pamwamba kuposa ena onse m'dzikomo, mamita 1,350, nyumba zomata paphiri ngati zisa za namzeze, ena mwa anthu ake ndi a mtundu wa Vlach amene chinenero chawo chimayandikira Chiromaniya. Chikumbutso cha Ilinden, chimene amati Makedonium, anachitsegula mu 1974, ndipo ndi chinthu chodabwitsa: chimpira choyera chachikulu chokhala ndi mawindo otuluka ngati nyanga. Mungayese chagwa kuchokera kumwamba. Manda a Karev ali m'kati mwake. Chapafupi pali nyumba yokumbukira woimba wawo Toše Proeski, amene anafa pa ngozi ya galimoto mu 2007 ali ndi zaka 26, ndipo mpaka lero anthu amabwera ndi maluwa, ena akulira. Zimenezi ndi zawo, sizifuna kuti tizipezere mnzake wa ku Chiradzulu.

Aphunzitsi Opuma:
Mwandigwira, mayi. Koma zisa za namzeze mwazitenga kuti?

Nachisale (Johannesburg):
Aaa, aphunzitsi, namzeze ali konsekonse!

Ankolo a ku Chipata:
Muli bwanji bonse. Ine ndine wa ku Zambia, ndipo kwa ife a zaka zanga Yugoslavia siinali dziko lachilendo. Kaunda ndi Tito, mtsogoleri wa Yugoslavia, anali paubwenzi weniweni. Holo ya Mulungushi ku Lusaka anamanga ndi a Yugoslavia, mwamsangamsanga, kuti msonkhano wa mayiko osatenga mbali wa 1970 uchitikiremo, ndipo mpaka lero ku Lusaka kuli Tito Road. Ndiye mwana wanga Nachisale, nthawi zina kufanizira si matenda, ubale unalipo. Ngakhale tauni ya Veles, imene mudzaidutsa pa msewu waukulu, inkatchedwa Titov Veles mpaka 1996.

Ku Skopje musataye nthawi ndi zifanizo zimene anaimika m'zaka za m'ma 2010, zachita kuchuluka ngati msika. Pitani pa siteshoni yakale ya sitima. Chivomezi cha pa 26 Julaye 1963 chinapha anthu oposa 1,000 n'kugwetsa gawo lalikulu la mzinda. Wotchi ya pakhoma la siteshoniyo inaima pa 5:17 m'mawa ndipo anaisiya choncho. Mzindawo anaumanganso ndi thandizo la mayiko ambiri, a kum'mawa ndi a kumadzulo omwe, nthawi imene mbali ziwirizi sizinkamwerana madzi.

Che Mdala wa ku Mangochi:
Mwatchula matchalitchi okhaokha, ngati kulibe Asilamu. Munthu mmodzi mwa atatu alionse m'dzikomo ndi Msilamu, ambiri a mtundu wa Chialubaniya. Ku Tetovo, ulendo wosakwana ola kuchoka ku Skopje, kuli mzikiti wotchedwa Šarena Džamija, kutanthauza mzikiti wamawangamawanga. Unamangidwa koyamba m'zaka za m'ma 1400, ndipo amati ndalama zake anapereka ndi akazi awiri apachibale, amene manda awo ali pabwalo pomwepo. Anaumanganso mu 1833. Kunja makoma ake ajambulidwa timabokosi tamitundu ngati makadi a njuga, m'kati maluwa okhaokha mpaka kudenga. Ine ndaswali m'mizikiti yambiri koma wotere sindinauonepo. Alendo amaloledwa kunja kwa nthawi ya swala. Mayi mutenge mpango.

Wophunzira ku Sofia:
Zoona, Che Mdala. Ndipo Tetovo akukhala bwino ngati popita ku Ohrid adzere msewu wa Mavrovo ndi Debar m'malo mwa wa Kičevo. Ndi wautali koma umadutsa m'chigwa cha mtsinje wa Radika, ndipo mumaima pa nyumba ya amonke ya Sveti Jovan Bigorski. M'tchalitchi mwake muli khoma la matabwa a mtedza wa kwawoko losemedwa pamanja cha m'ma 1830, anthu, nyama, mphesa, zonse zolukanalukana, ndipo amisiriwo anadzisema okha pakona atagwira zipangizo zawo. Musanafike ku Struga mukhotere ku Vevčani, mudzi wa akasupe umene Yugoslavia ikugawika unadzilengeza kuti ndi dziko palokha. Mpaka lero amagulitsa pasipoti ndi ndalama zawo kwa alendo, zoseweretsa.

Tsiku limodzi musungire kum'mawa. Kratovo ndi tauni ya migodi yakalekale yomangidwa m'chibowo cha phiri limene linkaphulika kale, mitsinje ing'onoing'ono ikudutsa pakati, milatho yamiyala yokwera m'mwamba, ndi nsanja zamiyala zimene zatsala 6. Mukagule mchere wawo wosinja pamodzi ndi zitsamba zouma, kcana sol, wothira pa buledi. Makilomita ochepa kuchoka apo kuli Kuklica, zipilala zamiyala zoposa 100 zooneka ngati anthu ataimirira. Nthano yake imati mwamuna wina analonjeza akazi awiri ukwati tsiku limodzi, wina m'mawa wina masana. Wa masana atamva ng'oma anapita kukaona, n'kupeza mwamuna wake akukwatira wina. Anatemberera onse, mkwati, mkwatibwi ndi aphungu omwe, n'kusanduka miyala. Zenizeni zake ndi mvula ndi mphepo zimene zinadya mwala wofewa n'kusiya wolimba pamwamba ngati chipewa. Anti a Nachisale atseke makutu: zili ngati Malape wa ku Machinga.

Ndiye pobwerera mudzere ku Kokino.

Wa pa Ndirande:
Temberero limenelo likanagwira ntchito kuno, Blantyre yense akanakhala miyala.

Nachisale (Johannesburg):
Kokino ayi. Ndinapitako chifukwa cha mbiri yoti ndi malo amene anthu akale ankaonerapo nyenyezi zaka 3,800 zapitazo, ndipo paliponse amakuuza kuti NASA inawatchula. Ndinapeza phiri la miyala, mphepo, ndi timipata m'matanthwe timene amati dzuwa limatulukira pa masiku ena a chaka. Popanda wokulozera sungadziwe kuti kampata ndi kati, mng'alu wamba ndi uti. Akatswiri enanso amatsutsa zoti ankayezerapo nyenyezi.

Wophunzira ku Sofia:
Koma zoti anthu ankapembedzerapo palibe amatsutsa, anti. Malowo anawatulukira mu 2001, ndipo m'ming'alu anafukulamo mbiya zambirimbiri ndi mphero zimene anthu ankasiya ngati nsembe. Mipando inayi yosemedwa m'thanthwe yoyang'ana kum'mawa ilipo, ndinakhalapo. Ine ndinafika dzuwa lisanatuluke ndipo sindinadandaule.

Nachisale (Johannesburg):
Iwe uli ndi zaka zingati? Alamu athuwa ali ndi bondo. Kokwera kwake ndi kwa miyala yoterera. Ngati akufuna mabwinja osavuta kuyendamo apite ku Stobi, m'mphepete mwenimweni mwa msewu waukulu, pamene mtsinje wa Crna umathira mu mtsinje wa Vardar. Mzinda wa Aroma wathunthu, misewu yake, bwalo la masewero, ndi malo obatizira okhala ndi pikoko wa timiyala amene ali pa ndalama ya madinari 10. Ndi pathyathyathya. Mthunzi palibe, tengani chipewa. Ndipo dera limenelo ndi la mphesa, Tikveš, mwezi umenewo mathirakitala odzaza mphesa amakhala ali mumsewu.

Woyang'anira Gulu:
Nkhani yakoma, koma palibe wafunsa za mapepala. Mayi a Tadala, muli ndi pasipoti yanji? Dzikoli silili mu European Union kapena mu Schengen.

Mayi a Tadala (Luton):
Bambowa ali ndi ya Britain, salowa ndi viza. Ine ndili ndi ya Malawi, koma ndili ndi viza ya Schengen yolowa kangapo imene ikadali ndi miyezi.

Nankhoma:
Ine ulendo wachiwiri ndinalowa ndi yomweyo, amalola masiku 15. Komabe alembereni a ofesi ya kazembe wawo ku London akuyankheni polemba, musindikize kalatayo, chifukwa amene amavuta nthawi zambiri ndi wa pa kauntala ya ndege, osati wa pachipata cha dziko. Hotela imakulembetsani yokha kupolisi. Mukagona m'nyumba ya munthu, monga ku Brajčino kuja, mumukumbutse mwini nyumba.

Za galimoto: amayendetsa kumanja, magetsi akutsogolo amayatsa ngakhale masana, ndipo pa msewu waukulu pali zipata zolipira, ndiye muzikhala ndi madinari m'thumba. Yuro imodzi ndi madinari 61 ndi kanthu, sizisinthasintha. Ku Prespa malire a Albania ndi a Greece ali pafupi, musaoloke ndi galimoto yobwereka musanagwirizane ndi eni ake. Ndipo muijambule mbali zonse musananyamuke. Ine kampani ina inandidula ndalama chifukwa cha kukalika kumene ndinakupeza kale, ndinalibe umboni.

Mwana wa Mlimi, Kasungu:
Chakudya musade nacho nkhawa. Chakudya chawo chachikulu ndi nyemba! Tavče gravče, nyemba zophika kenako n'kuziika mu uvuni m'kambale kadothi. Nsima yokha ndi imene imasowa. Ndipo mwezi mukupitawo ndi wa ajvar. Paliponse m'midzi mudzaona mbaula panja, amayi akuwotcha matumba a tsabola wofiira wosawawa, kusenda, kupera, n'kutakasa mumphika waukulu tsiku lonse kuti asunge m'mabotolo a nthawi ya chisanu. Mukaima n'kupereka moni, "zdravo", simupita osalawa. Pothokoza ndi "fala".

Mayi a Tadala (Luton):
Abale, zikomo kwambiri, ndadzaza masamba atatu. Takhala pansi ndi bambowa usiku uno ndipo zatuluka motere. Tikatera ku Skopje tikaona wotchi ya ankolo ndi msika wakale, tigone. M'mawa Tetovo, Bigorski, mpaka Ohrid, masiku awiri. Kenako Galičica ndi kugona ku Brajčino. Chilumba cha njoka bambo akana, akuti anakwatira kuti azikhala ndi moyo. Bitola usiku umodzi, ndi manda aja. Kruševo ndi Prilep tsiku limodzi, ngakhale ndikuona kale kuti tikakangana, chifukwa bambowa kwawo ndi ku Mchinji ndipo atangomva za fodya wotunga ndi singano ayamba kale kunena zoti tigone komweko. Stobi pobwerera. Kratovo ndi Kuklica ngati tsiku lomaliza litatsala. Kokino tamusiya, pepani achimwene a ku Sofia.

Funso limodzi lotsala: ajvar amalola kulowa naye ku Britain?

Nachisale (Johannesburg):
Ndi tsabola wophika wa m'botolo, mulibe nyama kapena mkaka. Koma tikiti yotchipayo ndi ya kachikwama ka m'manja, ndipo botolo lalikulu akakulandani pa sikelo ya chitetezo. Lipiranitu sutikesi.

Wa pa Ndirande:
Mukalipira sutikesiyo, mabotolo awiri ndi anga. Pasipoti ya ku Vevčani mundigulirenso, mwina imeneyo ituluka msanga.